Chitofu cha m'Kalavani ya a Bihi

"Kiyi ameneyu sachoka m'thumba mwanga," anatero Mbarek, "mpaka ndikaone ndi maso anga zimene munthu uja anakalumikiza kuphiri kuja."

Ananena kuti "munthu uja" pamene Larbi anali chiimire pakhomo, atanyamula mbale yaikulu ya chakudya cha kusikusi imene mayi wa nyumba yoyandikana nawo anali atangomupatsira. Zaina anayang'ana mwamuna wake Larbi, n'kuyang'ana mchimwene wake Mbarek, n'kusowa poika maso. Bambo awo, a Bihi, anali atawaika m'manda dzulo lake masana.

A Bihi anali mlimi wa njuchi. Malalanje akachita maluwa ankatsitsira ming'oma yawo kuchigwa, maluwawo akayoyoka ankakwera nayo kumapiri. Kulikonse kumene njuchi zapita, iwo ankagona m'kalavani, kanyumba kachitsulo kokoka ndi galimoto kamene anagula kwa Mfalansa wina wokalamba Zaina asanabadwe. Chitofu cha gasi cha m'menemo chinali chitadyeka ndi dzimbiri, moto wake wofiira ndi wodetsa mapoto. Ndiye milungu ingapo m'mbuyomo Larbi, amene ankakonza mafiriji ku Taroudant, anatseka shopu yake, kukwera phiri, kuzula chitofu chakalecho n'kuikamo chatsopano. Sipanapite nthawi, mbusa wina wa mbuzi anawapeza a Bihi m'mawa atauma pabenchi la m'kalavanimo, mazenera onse ali chitsekere.

Dokotala anati ndi mtima. Koma mmodzi mwa amuna amene anakatenga thupi ananena kuti atalowamo mutu unamuwawa. Mawu amenewo anayenda khomo ndi khomo, akukula ngati mtanda wa buledi, ndipo pamene ankamupeza Mbarek pabwalo la ndege ku Marseille, kunja kwa dziko kumene ankakhala, anali atasanduka akuti m'kalavani monse munali fungo la gasi. Mbarek anafika m'mudzi manda atakwirira kale. Zaka zinayi anali asanaone nkhope ya bambo ake, ndipo tsopano sakanaionanso. Munthu wotere amasaka khosi la wina loti aligwire.

"Achimwene, adokotala anena kuti ndi mtima," anatero Zaina.

"Adokotalawo anafika kuphiri? Ananunkhizamo? Baba akwera mapiri zaka zonsezi mtima uli bwinobwino. Chitofu chakale sichinawaphe. Changobwera chatsopano, basi mtima waima."

Larbi anatula mbale ija patebulo lalifupi. "Alamu, polumikizira ponse ndinapaka thovu la sopo. Panalibe potuluka."

"Sindikuyankhula ndi inu."

Amayi awo, a Yamna, anali atakhala pakona atavala zoyera za umasiye. Anangotambasula dzanja.

"Bwera naye kuno kiyiyo."

"Amayi, ndingopita ndikayatse kamodzi, ndione."

"Ukayatse chiyani? Moto wa bambo ako wazima. Sukuona kuti ngakhale tiyi akutiphikira ndi anthu? Kalavani ija ndi nyumba yawonso, anagonamo kuposa muno. Palibe amene akayatse machesi kumeneko masiku atatu asanathe."

 Mbarek anatulutsa kiyi uja n'kuwaikira m'manja, iwo n'kumuponya m'chifuwa mwa chovala chawo.

"Chabwino, tidikira," anatero. "Koma ndikakapeza kuti gasi akutuluka, munthu uyu asadzapondenso pakhomo pano, ngakhale pamwambo wa masiku makumi anayi. Ndipo iwe Zaina uganize bwino kuti ndiwe mwana wa ndani."

Zaina anadikira kuti amayi ake amudzudzule Mbarek. Iwo anangoweramitsa mutu n'kumakonza mphepete mwa nsalu yawo. Mawu a Mbarek sanamuopse kwenikweni, chifukwa mchimwene wakeyo anali waphokoso chibadwire. Chimene chinamuopsa n'chakuti amayi sanamutsutse.

Tsiku lotsatira linatalika ngati chaka cha njala. Anthu ankabwera kudzapepesa, kumwa tiyi wa anansi, n'kumapita. Zaina akalowa m'chipinda cha azimayi, nkhani inkaduka pakati, wina n'kuyamba kufunsa za mtengo wa mafuta. M'chipinda cha amuna, pamene ashehe ankawerenga Kurani, anasuzumira n'kuona kuti mbali zonse ziwiri za Larbi kunali malo opanda munthu, chonsecho ena anali atathinana mpaka pakhomo.

Dzuwa litapendeka Zaina anamupeza Larbi kuseri kwa nyumba, pansi pa mkuyu, akutsuka matambula a tiyi, ntchito imene palibe anamutuma.

"Bambo a Tilila, ndiuzeni zoona. Kuno kulibe munthu."

Larbi sanadzutse mutu. "Paipi ya m'kalavani muja ndi ya mkuwa, yachifalansa, yaying'ono kusiyana ndi zathu. Sizikumana. Ndinalumikiza ndi paipi ya labala, n'kumanga ndi tizitsulo mbali zonse. Ndinapaka thovu kawiri, silinafufume."

"Ndiye basi."

"Si basi." Anaika tambula pamwala pang'onopang'ono. "Kuphiri kumazizira. Labala akazizidwa amafota, kachitsulo n'kukhwepa. Ndinawauza Baba kuti pakatha sabata ndibwera kudzalimbitsanso. Sindinapite."

"Chifukwa chiyani?"

"Waiwala? Si iwe unalandira foni?"

Sanaiwale. Bambo ake anaimba Lachisanu lina, mphepo ikuwomba m'foni, n'kunena mwachidule monga mwa chizolowezi chawo: uuze mwamuna wako kuti chitofu chikuyaka bwino, moto wabuluu, asavutike n'kubwera. Tsiku limenelo Larbi anamupempha katatu kuti abwereze mawuwo. Zaka zonse za ukwati wawo a Bihi sanamutchulepo dzina. Anali "wa mafiriji uja". Akabweretsa nyama ankati ndi ya mbuzi yokalamba, akakonza pampu ankati inali bwino asanaigwire. Mawu abwino oyamba anali a chitofuwo, ndipo tsopano mawu omwewo ndiwo ankachitira umboni kuti a Bihi ankachiyatsa, atatseka mazenera.

"Ndiye mukundiuza kuti mwina ndinu?"

"Ndikukuuza kuti sindikudziwa."

Larbi anamugwira dzanja, lake lili lonyowa ndi lozizira. Zaina anabweza dzanja lake asanaganize n'komwe. Onse awiri anaona zimene zachitika. Anachita manyazi, komanso anali ndi mkwiyo umene sankadziwa kuti aukhuthulire ndani: mwamuna amene sanapite, mchimwene amene sankabwera, kapena bambo amene ankatseka mazenera ngati kunja kuli akuba. Larbi anatola tambula ina n'kupitiriza kutsuka.

Masiku a maliro atatha, m'mawa anansi anayamba kudzatenga mbale zawo. A Yamna sakanatuluka, poti mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi yake. Anapisa m'chifuwa, kulambalala dzanja la Mbarek limene linali litatambasuka kale, n'kupereka kiyi kwa Zaina.

"Ukatsegule ndiwe. Ndipo zimene ukaone udzandiuze momwe zilili. Usandikomezere."

Anakwera pikapu ya a Bihi atatu, Mbarek akuyendetsa, Zaina pakati, Larbi kukhomo atafungatira chikwama cha zipangizo pamiyendo. Msewu wa tala unatha, unayamba wa miyala. Mbarek ankalowa m'maenje dala, kapena Zaina ndiye ankaona choncho.

"Sopo mwatenga?" anafunsa Mbarek osatembenuka. "Paja ndiye loya wanu."

"Ndatenga, alamu."

"Kwathu ku Marseille munthu wopanda mapepala sagwira gasi. Amamangidwa."

"Kwanu ndi ku Marseille tsopano?" anatero Zaina.

Mbarek anamuyang'ana cham'mbali, n'kupitiriza kuyendetsa mpaka anafika.

Ming'oma inali ndandanda pamtsetse, uliwonse ndi mwala wake pamwamba. Njuchi zinkalowa ndi kutuluka, zilibe nazo ntchito kuti mwini wake ali kuti. Kalavani inali pansi pa mtengo wa arigani, utoto wake wobiriwira utasuluka, matayala atatsekeredwa ndi miyala. Zaina analowetsa kiyi n'kukoka chitseko.

Anaima pakhomo n'kununkhiza ngati galu. Munkanunkha phula, utsi wofukizira njuchi ndi thukuta la bambo ake. Bulangeti lawo linali pabenchi chipindire. Maso ake analithawa n'kupita pakona, pamene chitofu chinali chitafundidwa nsalu yoyera. Anaizindikira. Inali nduwira yawo ya pa Idi.

Mbarek anamukankhira pambali, kukoka nsaluyo n'kuitaya pansi. Chitofu chinali mbee, chopanda ndi dontho la tiyi lomwe. Anatulutsa machesi.

"Alamu, musayambe ndi moto," anatero Larbi ali panja. "Ngati pali potuluka, tiyambe taona."

"Mukuopa?"

"Ndikuopa, inde. Mlongo wanu ali m'menemo."

Mbarek anayang'ana Zaina, n'kubweza machesi m'thumba monyinyirika. Anatuluka onse. Larbi anathira madzi m'kachitini, kupalira sopo, kuvundula mpaka thovu linadzaza. Anachita zimenezi mochedwa kwambiri, ndipo Zaina anadziwa kuti akuzengereza dala, ngati munthu amene waitanidwa kukamva chigamulo. Silinda ya gasi inkakhala m'bokosi lachitsulo kutsogolo kwa kalavani, pamwamba pa chitsulo chokokera. Anapempha kiyi kwa mkazi wake, kugwada, kutchula dzina la Mulungu chapansipansi n'kutsegula.

M'bokosimo munalibe silinda. Paipi ya labala inali lende, kumapeto kwake atakulungako kapulasitiki n'kumanga ndi ulusi.

Mbarek anatembenukira kwa Larbi.

"Mwatuma ndani?" Mawu a Mbarek anatuluka otsika. Kenaka anamugwira Larbi pakhosi pa malaya n'kumuimiritsa, kachitini kaja n'kugubuduka. "Masiku onsewa mukutsuka matambula ngati munthu wabwino, chonsecho mwatuma munthu kudzachotsa umboni?"

"Sindinatume munthu."

"Kiyi anali kwa amayi," anatero Zaina. "Achimwene, musiyeni. Kiyi anali m'chifuwa mwa amayi."

"Wokonza mafiriji angasowe potsegulira bokosi?"

Larbi sanadziteteze. Manja ake anali lende m'mbali, thovu likudontha ku zala. Zaina analowa pakati pawo n'kugwira mkono wa mchimwene wake ndi manja onse awiri. Sankadziwa ngati mwamuna wake ndi wosalakwa. Ankangodziwa kuti akamusiya pano, ndiye wamusiya mpaka kalekale.

"Mukamumenya muyambe ndi ine. Baba ali kumanda sabata isanathe, inu mukumenyana pakati pa njuchi zawo?"

"Mtendere ukhale nanu, eni malo."

Mawuwo anachokera kumtunda. Bambo wina wamtali, wakuda ndi dzuwa, ankatsika kanjira ka mbuzi akukoka bulu. Pamsana pa buluyo panali silinda ya gasi, mbali inayo ataikako mwala kuti katundu alingane. Mbarek anamasula dzanja pang'onopang'ono.

"Ndine Salek," anatero munthuyo atafika. "Ndine amene ndinawapeza a Bihi. Mulungu akulitse mphotho yanu pa chisoni chimenechi. Kumaliro sindinafike, mundikhululukire, mkazi wanga ndi wa mwana wakhanda ndipo mbuzi zilibe wina. Ndinaona fumbi la galimoto, ndiye ndinati ndibweze katundu wa eni ake."

"Silinda imeneyi yapezeka bwanji kwa inu?" anafunsa Mbarek, osayankha n'komwe malonje.

Salek anamuyang'ana modabwa pang'ono, n'kuyamba kumasula chingwe.

"Anabweretsa okha. Tsiku limene anawaikira chitofu, ine ndinali kuseri kwa phiri ndi mbuzi. Madzulo ake kunagwa matalala, nkhuni zonse kunyowa, gasi wanga atatha, mkazi wanga n'kuyamba kumva m'mimba. Ndinathamangira kuno kudzapempha kuti nditenthetseko madzi. Iwo anati, madzi a kuno akafika kuhema kwako atazizira, chitsiru iwe. Anachotsa silinda, bulu ali kutali, n'kuisenza paphewa mpaka kuseri uko. Ndinawaletsa, anandikalipira. Anafika ali wefuwefu, atagwira pachifuwa, anakhala pansi nthawi yaitali ndithu."

Zaina anamva mawu akuti pachifuwa akumulowa ngati singano. Anayang'ana mchimwene wake. Mbarek anatsegula pakamwa, maso ali pa mbusayo, ndipo Zaina anaona kuti wapeza khosi lina logwira. Koma anayang'ananso malaya a Larbi, pamene batani linali litathothoka, n'kutseka pakamwa pake. Salek sanaone kanthu. Ankalimbana ndi mfundo ya chingwe.

"Ndiye chitofu chija sanachiyatsepo?" anafunsa Zaina.

"Ayatse ndi chiyani, mlongo wanga? Ndinkati ndibweze, ankati mwana asambe kaye mwezi wathunthu."

"Nanga ankadya chiyani?"

"Buledi, mafuta ndi uchi. Tiyi ankadzamwa kwathu, m'mawa ndi madzulo, akudandaula kuti mkazi wanga amaumira shuga. Ndinawauza kuti imbani foni akubweretsereni ina. Anati ayi, ameneyo ndimamudziwa, atsekanso shopu n'kukwera phiri, ali ndi mwana woti adyetse."

Larbi anakhala pa chitsulo chokokera kalavani. Anabisa nkhope m'manja osasamala za sopo. Zaina anamva mtolo ukutsika pamtima pake, koma m'malo mwa chimwemwe munabwera chisoni china, chachikulu. Bambo ake anatha milungu akudya zozizira pafupi ndi chitofu chatsopano, n'kumuimbira foni kumuuza za moto wabuluu umene sanauone. Anapita kukaima pafupi ndi mwamuna wake n'kumuika dzanja paphewa, ndipo sanalichotsepo.

Salek anatsitsa silinda, kuipukuta fumbi ndi mkono wa mkanjo wake, n'kuwayang'ana amuna awiriwo mosinthanasinthana.

"Mundikhululukire, nkhope zanu sindizidziwa. Mwa inu awiri, mwana wawo amene anaika chitofu ndi uti?"



"Ndikufunsa chifukwa tinatopa nacho chitofu chimenechi," anapitiriza akuseka pang'ono. "Aliyense wodzagula uchi sankachoka asanachione. Ine ndekha anandionetsa kangapo, ngati ndaiwala. Amati, bwera udzaone ntchito ya mwana wanga, si za amisiri anu a pamsika."

Larbi sanadzutse mutu. Zaina anayang'ana mchimwene wake, ndipo koyamba chibwerere anamumvera chisoni. Mbarek anayang'ana ming'oma, anayang'ana phiri. Munthu uyu sankawadziwa. Akanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pomwepo.

"Ndi awa," anatero Mbarek akuloza Larbi. "Ndi achimwene angawa."

Salek anamugwira Larbi dzanja n'kuligwedeza kwa nthawi yaitali, sopo ndi misozi zili pomwepo. Kenaka anawakodola onse atatu.

"Bwerani ndikuonetseni momwe ankachitira."

Anathinana pakhomo la kalavani. Salek anavula nsapato n'kulowa atawerama. Anaima patsogolo pa chitofu, kupukuta zala zake pamkanjo chimodzichimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati munthu amene akufuna kunyamula khanda.

"Amayamba chonchi, kuti phula lisachidetse. Akatero amati, khala chete, tamvera mmene chimazungulira, sichilira n'komwe."

Anagwira kotsegulira ndi zala ziwiri n'kukapotoza pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa, khutu lili kuchitofu, nkhope ili ndi tsinya la a Bihi lenileni. Ndipo onse anayi anaima chete m'kanyumba kaja, akumvetsera chitofu chopanda gasi.